Telesikopu yoyeza yokha mtunda: zoyenera kuchita musanatsikire nayo ku Malambo

Chaka chilichonse udzu ukayamba kupsa, mafunso nawo amayamba. Wina wagula telesikopu ya mtundu uwu ku Lusaka, wina mwana wake wamutumizira kuchokera ku Johannesburg, koma dandaulo lawo ndi limodzi: ndamanga pamfuti, ndadina batani, kadontho kofiira kayaka, nanga bwanji chipolopolo chikugwera pena? Ndayankha kambirimbiri pafoni, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizimupatsa zomwezi.

Yankho lalifupi nali. Mtunda telesikopuyi imaudziwa bwino. Chimene siidziwa ndi mfuti yanu. M'kati mwake muli laser, kuwala kosaoneka ndi maso. Mukadina batani, kuwalako kumakagunda chinthu n'kubwerera, ndipo kakompyuta ka m'katimo kamawerenga nthawi imene kwatenga. Poti kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, mtunda umapezeka nthawi yomweyo. Kenako kakompyutako kamatenga mtundawo n'kuphatikiza ndi manambala amene inu munakauza okhudza chipolopolo chanu, n'kuyatsa kadontho pansi pa mtanda (timizere tiwiri topingasana ta m'galasi), pamalo poti muloze. Manambala anu akakhala olakwa, kadontho kamayakabe mooneka bwino, koma pamalo olakwa. Malangizo ali m'munsiwa ndi othandiza kuti kadonthoko kazinena zoona.

1. Yambani ndi mapepala

Mfuti ikhale ndi chiphaso chake chogwira ntchito, m'dzina lanu. Laisensi yosakira imachokera ku Department of National Parks and Wildlife, imene ambiri timangoti DNPW kapena agemu. Iyi inalowa m'malo mwa ZAWA kutsatira lamulo la nyama zakutchire la 2015. Laisensiyo imatchula nyama yake ndi dera lake, ndipo simuloledwa kupyola pamenepo. M'mapaki monga South Luangwa, Luambe ndi Lukusuzi simusakidwa. Kusaka kumachitika m'madera ozungulira mapaki otchedwa GMA, monga Lupande, Lumimba, Sandwe ndi West Petauke, kumene anthu amakhala limodzi ndi nyama. Tikamati ku Malambo kuno ku Chipata timatanthauza chigwa cha Luangwa cha kwa Akunda, kwa mafumu Jumbe, Mnkhanya, Kakumbi, Nsefu, Msoro ndi Malama, ndipo ndi kumene kuli Lupande. Mukatsikirako mumayenda ndi sikauti, woyang'anira nyama zakutchire wa m'deralo.

Pali matelesikopu ena oona usiku, oona kutentha kwa thupi la nyama, amenenso ali ndi laser yoyezera mtunda. Amenewo asiyeni. Laisensi yanu ndi yosakira masana.

2. Dzifunseni ngati mukuifunadi

Matelesikopuwa si amodzi. Burris Eliminator ndi Swarovski dS, imene inatuluka mu 2017, zimayeza mtunda zokha n'kuyatsa kadontho. Zeiss Diarange yakale ija imangokuuzani mtunda, kukweza mfuti n'kwanu. Sig Sauer BDX ambiri amaisokoneza: m'telesikopu yakeyo mulibe laser. Choyezera mtunda chimakhala chapadera, cha m'manja, ndipo chimatumiza nambala ku telesikopu kudzera pa Bluetooth. Wina akakugulitsani telesikopu ya BDX yokha, wakugulitsani theka.

Zonsezi n'zolemera. Swarovski dS imapitirira kilogalamu imodzi, ndipo mudzaimva paphewa mukayenda tsiku lonse m'nkhalango ya tsanya mu Okutobala. Komanso zambiri zimayambira kukuza chithunzi ka 4 kapena ka 5. Ngati laisensi yanu ndi ya njati, imene imawomberedwa pafupi m'zitsamba zowirira ndi mfuti ngati .375 H&H, telesikopu yotere ikuchedwetsani kupeza nyama m'galasi pa nthawi imene simufunika kuchedwa. Phindu lake lenileni lili pa nswala, njiri kapena nyumbu zimene zaima padambo loyera, mamita 180 kapena 250 kuchokera pamene muli, pomwe maso amanamiza. Onani chifukwa chake. Chipolopolo cha .30-06 cholemera 180 grain (muyeso wa kulemera kwa zipolopolo), chotuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 820 pa sekondi, mukaika ziro (pokumana mtanda ndi chipolopolo) pa mamita 100, chimatsika masentimita pafupifupi 13 pa mamita 200, 27 pa mamita 250, ndi 45 pa mamita 300. Mukaganiza kuti nswala ili pa 250 pomwe ili pa 300, mwathyola mwendo wake m'malo molasa mtima.

3. Kumanga pamfuti

Eliminator III ndi IV zimamangidwa mwachindunji pa kanjanji ka pamwamba pa mfuti, ka mtundu wa Weaver kapena Picatinny. Swarovski dS ili ndi thupi lonenepa mamilimita 40, ndiye mphete wamba zomangira telesikopu za mamilimita 30 sizilowa. Funsani za mphete musanalipire, chifukwa kuzipeza pambuyo pake n'kovuta.

Chotsani zipolopolo, chotsaninso bolt, chitsulo chimene chimalowetsa ndi kutsekera chipolopolo. Ikani telesikopu osamangitsa. Nyamulani mfuti paphewa maso mutatsinzina, mmene mumainyamulira kutchire, kenako tsegulani. Muziona chithunzi chonse chopanda mdima m'mphepete. Ngati mukusuntha khosi kuti muone, sunthani telesikopu, osati khosi. Pakati pa diso ndi galasi patsale masentimita pafupifupi 9, apo ayi mfuti ikabwerera m'mbuyo idzakudulani pachikope.

Tsopano mangani mwala ku chingwe, muchipachike pamtengo mamita 30 kutsogolo kwanu. Mfuti itakhala chilili pamatumba a mchenga, mzere woimirira wa mtanda ufanane ndi chingwecho. Ambiri amadumpha izi chifukwa pa mamita 100 cholakwacho sichioneka. Pa mamita 300, mfuti yopendekeka ndi madigiri 5 okha imataya chipolopolo masentimita 6 kapena 7 kumbali. Mukatha, mangitsani masikulu mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, ndi mphamvu imene buku la telesikopuyo latchula. Kumangitsa ndi mphamvu ya pamawilo a ngolo kumaphwanya za m'kati.

Chotsalira ndi kagalasi ka kudiso. Lozani kumwamba kopanda dzuwa, muzunguze mpaka mtanda uoneke wakuthwa mukangoyang'ana kamodzi.

4. Ziro pa mamita 100

Ziro ndi mtunda umene mtanda ndi chipolopolo zimakumana. Apa batani la laser musalikhudze n'komwe. Gwiritsani ntchito mtanda wapakati basi.

Malo oyesera akhale kutali ndi midzi, minda ndi njira, ndipo kumbuyo kwa chandamale kukhale chulu chachikulu kapena phiri lopanda miyala. Chipolopolo cha mfuti zazikuluzi chimatha kuyenda makilomita oposa 3, ndipo nthaka youma ya chilimwe imachinjanjitsa. Dziwitsani amfumu a pamalopo ndi apolisi musanayambe. Mamita 100 muwayeze ndi tepi ya amisiri omanga, osati ndi mapazi.

Kuti musawononge zipolopolo, yambirani pa mamita 25. Bolt itachotsedwa, suzumirani m'mpope wa mfuti mpaka chandamale chikhale pakati, ndiye zunguzani mabatani osunthira mtanda kuti ufike pomwepo. Ombani kamodzi. Chikagwera papepala, pitani pa 100 mukaombe katatu, mukupumira pakati kuti mpope uzizire. Musathamangitse bowo lililonse. Pezani pakati pa mabowo atatuwo n'kusuntha pamenepo. Pa telesikopu yolembedwa 1/4 MOA, kiliki imodzi ya batani losunthira mtanda ndi mamilimita pafupifupi 7 pa mamita 100. Yolembedwa 1/8 MOA ndi theka la pamenepo. Yolembedwa 0.1 mrad ndi sentimita imodzi.

Musavomereze ziro ya "pafupifupi". Masentimita 2 amene mwawanyalanyaza pa 100 amakhala 6 pa 300, ndipo kakompyuta kamakhulupirira kuti ziro yanu ili pakati penipeni.

5. Kuuza telesikopu za chipolopolo chanu

Ena amalowetsa manambala kudzera pa pulogalamu ya pafoni, ena ndi mabatani a patelesikopu pomwepo. Zofunika ndi izi: kulemera kwa chipolopolo, liwiro lake potuluka, nambala yotchedwa BC imene imasonyeza mmene chipolopolo chimapyozera mpweya, mtunda wa ziro, ndi kutalika kwa telesikopu pamwamba pa mpope. Eliminator III imafuna manambala awiri ochokera pa mndandanda wa Burris: mainchi amene chipolopolo chimatsika pa mayadi 750, ndi BC.

Zolakwa zake n'zomwezomwe. Mabokosi a ku America amalemba liwiro m'mafiti pa sekondi, a ku Ulaya m'mamita, ndipo 2,700 ya mafiti ndiyo pafupifupi 820 ya mamita. Yadi ndi yofupika kuposa mita: mayadi 300 ndi mamita 274. Sankhani muyeso umodzi, mukhale nawo paliponse. BC nayo ili mitundu iwiri, G1 ndi G7, ndipo ya G7 imakhala pafupifupi theka la inzake pa chipolopolo chomwecho. Mukaika nambala ya G7 pamalo a G1, telesikopu imaganiza kuti chipolopolo chanu chimatopa msanga, ndiye mumaomba pamwamba.

Kutalika kwa telesikopu muyeze ndi rula, kuchokera pakati pa bolt kufika pakati pa thupi la telesikopu. Mapulogalamu ambiri amabwera ataikiratu masentimita 4 kapena kuchepera pang'ono, pomwe matelesikopu onenepawa amakhala pamwamba kuposa pamenepo. Mukasiya 4 pomwe zoona zake ndi 6, pa mamita 300 mudzaomba masentimita 4 pamwamba.

Ndipo chipolopolo chimene mwayesera ndi chomwecho chimene mukasakire. Kuyesera ndi 150 grain zotchipa n'kukasaka ndi 180 grain ndi kutaya ntchito yonse.

6. Kutsimikiza papepala pa 200 ndi 300

Apa ndi pamene anthu ambiri amalekezera, ndipo ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Mabuku a m'bokosi amakuuzani kuti lowetsani manambala, mwatha. Simunathe. Liwiro lolembedwa pabokosi la zipolopolo linayezedwa ku fakitale, kawirikawiri ndi mpope wa mainchi 24. Mfuti yanu mwina ili ndi mpope wa mainchi 22, mwina ndi yakale imene bambo anu anasakira zaka zambiri ndipo m'kati munadyeka. Amene ali ndi chronograph, kachipangizo koyeza liwiro la chipolopolo, ayeze. Kuno ambiri tilibe, ndiye pepala ndi limene limatiuza.

Pezani katoni yaikulu, ya firiji kapena ya sitovu, yotalika kuposa mita imodzi, kuti ngakhale chipolopolo chosochera chisiye bowo. Jambulani chizindikiro chakuda pakati, chachikulu moti chioneke pa 300. Pitani m'mawa kwambiri mphepo isanadzuke ndiponso dzuwa lisanatenthetse nthaka. Mfuti ikhale pamatumba a mchenga kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa pano tikuyesa telesikopu, sitikuyesa inu.

Ikani katoni pa mamita 200. Lozani mtanda wapakati pa katoniyo, dinani batani, muone ngati nambala ikugwirizana ndi tepi. Kadontho kakayaka, kaikeni pa chizindikiro chakuda chija n'kuomba katatu. Pitani mukayeze ndi rula kuchokera pa chizindikiro kufika pakati pa mabowo. Lembani m'kope, tsekani mabowowo ndi selotepi, sunthani katoni ifike pa 300, mubwereze.

Tsopano werengani zimene pepala lanena. Ngati pakati pa mabowo pali mkati mwa masentimita 3 kuchokera pa chizindikiro, musakhudze kalikonse. Mabowo atatu sangakuuzeni zolondola kuposa pamenepo, ndipo amene amasintha manambala chifukwa cha sentimita imodzi amangozungulira mpaka zipolopolo kutha.

Ngati kusiyana kuli kokulirapo, musathamangire kusintha liwiro, ngakhale ndi zimene aliyense angakulangizeni. Yang'anani kaye mmene cholakwacho chikukulira. Chikakhala masentimita 4 pa 200 ndi 6 pa 300, chikukula mofanana ndi mtunda, ndipo vuto ndi ziro: pa 100 munasiya masentimita 2. Bwererani pa sitepe 4. Chikakhala chaching'ono pa 200 koma n'kukula mwadzidzidzi pa 300, ndiye vuto lili m'manambala a chipolopolo. Onaninso kutalika kwa telesikopu, onaninso G1 ndi G7, onaninso kulemera. Zitatuzi zikakhala bwino, pamenepo ndiye gwirani liwiro. Mabowo akagwera pansi, chipolopolo chanu chikuchedwa kuposa mmene telesikopu ikuganizira, choncho tsitsani nambala ya liwiro. Akagwera pamwamba, ikwezeni. Pa Eliminator III mumasintha nambala ya kutsika ija: mabowo akagwera pansi mumaikweza.

Musinthe ndi zingati? Pa .30-06 ya 180 grain, kusintha liwiro ndi mamita 10 pa sekondi kumasuntha bowo sentimita imodzi ndi theka pa mamita 300. Ndiye ngati mabowo ali masentimita 5 pansi, tsitsani ndi 30 kapena 35. Koma nambala imeneyi ikuuzaninso china. Ngati mabowo ali masentimita 15 pansi, pangafunike kutsitsa liwiro ndi 100, ndipo si kawirikawiri kuti mfuti yabwinobwino isiyane ndi bokosi motero. Pamenepo pali china chalakwika: sikulu yamasuka, mwasakaniza zipolopolo, kapena mukugwedeza mfuti poopa kubwerera kwake. Mukabisa vuto lotere posintha liwiro, pa 300 zioneka bwino lero, koma pa 200 mudzaphonya, ndipo mawa zidzasinthanso.

Mabowo akapita kumbali pomwe kulibe mphepo, ndipo pa 100 anali pakati, kumbukirani chingwe ndi mwala zija. Mtanda wanu ndi wopendekeka.

Mukasintha, ombaninso katatu pa 300 kutsimikiza. Osatsimikiza ndiye kuti simunasinthe kanthu, mwangolota. Ndikudziwa kuti zipolopolo n'zodula ndiponso sizipezeka msanga, koma bokosi limodzi la 20 limakwana ntchito yonse mukaligawa bwino: 6 pa ziro, 3 pa 200, 6 pa 300, ndipo 5 zotsalazo muzisungire sitepe 8. Nyama imodzi yolasidwa n'kuthawa imadya ndalama zoposa bokosi limenelo, chifukwa pa ulenje wa laisensi nyama imene mwaitulutsa magazi imawerengedwa kuti ndi yanu, kaya mwaipeza kaya ayi.

Pomaliza lembani manambala otsimikizikawo pa kapepala, kutsika kwa pa 150, 200, 250 ndi 300, mukamate ndi selotepi pathako la mfuti. Batire likafa kadontho kamazima, koma mtanda ndi ziro zimatsala.

7. Dziwani pamene laser yanu ikugunda

Laser siyeza nyama imene mukuyang'ana. Imayeza chilichonse chimene yagunda. Imamwazika ngati kuwala kwa tochi pakhoma lakutali: pa mamita 300 banga lake limatha kukula masentimita 30 kapena kuposa. Nswala yaima padambo, mbali ina ya banga imagunda nswala, ina imagunda tsekera amene ali mamita 60 kutsogolo kwake, ina imadutsa pamsana n'kukagunda mitengo ya kuseri. Telesikopu imasankha nambala imodzi mwa zimenezi. Ku Malambo, kumene udzu wosapsa bwino ndi tizitsamba ta tsanya todyedwa ndi njovu zili paliponse, izi zimachitika tsiku lililonse.

Muli pamalo oyesera paja, bolt itachotsedwa, khomani thabwa lopapatiza pa mamita 150, kuseri kwake kukhale koyera mpaka kutali. Lozani pambali pake n'kuyandikira pang'onopang'ono kuchokera kumanzere mukudina batani, muone pamene nambala yasintha kuchoka pa yakutali kufika pa 150. Chitaninso kuchokera kumanja ndi kumwamba. Mudzadziwa kukula kwa banga lanu, ndiponso ngati lili pakati pa mtanda kapena lapendekera mbali ina.

Kutchire yezani katatu. Manambala akagwirizana, akhulupirireni. Akasiyana, yezani chinthu chachikulu choyandikana ndi nyamayo, tsinde la mtengo kapena chulu, kapena lozani pansi pamene pali mapazi ake ngati udzu unapsa. Muziyerekezanso ndi maso musanadine batani. Maso akati 250 koma telesikopu n'kunena 90, mwayeza udzu. Mtunda wolembedwa pabokosi, monga mayadi 1,200 a Eliminator III, ndi wa chinthu chonyezimira. Pa chikopa cha nyama, masana owala, m'mpweya wa utsi wa lupsa ndi fumbi, umachepa kwambiri.

Pali chinthu china chimene ndimachinena mwamphamvu kwa aliyense. Ndi telesikopu iyi, chilichonse chimene mwachiyeza mwachilozanso mfuti. Mu GMA muli anthu: asodzi m'mbali mwa Luangwa ndi Lupande, amayi otola nkhuni, ana, masikauti ali paulendo wawo. Kanthu kakagwedezeka patali, konani ndi mabainokyula. Mfuti ikwere paphewa pokhapokha mwadziwa kuti ndi nyama, ndi yamphongo, ili pa laisensi yanu, sikauti wavomereza, ndipo kuseri kwake kulibe mudzi kapena njira.

8. Pezani malire anu

Kadontho kamayaka ngakhale pa mamita 600. Kuyakako si chilolezo. Kutchire kulibe matumba a mchenga. Kuli mphanda, timitengo tiwiri kapena titatu tomangidwa pamodzi totsamiritsapo mfuti, ndipo mudzakhala mutayenda, mukupuma mwawefuwefu, kashembe akukulumani pakhosi.

Tengani kambale ka pepala kapena ka pulasitiki kotambalala masentimita 15. Malo a mtima ndi mapapo a nswala sapitirira pamenepo kwenikweni. Kaikeni pa mamita 200, yendani mofulumira pang'ono, imani pa mphanda, yezani, ombani zipolopolo 5 zija. Zonse zikalowa m'kambale, 200 ndi yanu. Chimodzi chikatuluka, malire anu ali pansi pa 200, ndipo tsiku lina mudzayesere pa 150. Masamu ake ndi osavuta: amene amamwaza masentimita 8 pa mamita 100 ali pa mphanda, pa 300 amamwaza 24. Kumbukiraninso kuti chipolopolo chimatenga pafupifupi masekondi 0.4 kuti chifike pa 300. Nyama ikaponya phazi limodzi pa nthawi imeneyo, mwalasa m'mimba, ndipo idzafera kutali patapita maola ambiri ikuvutika. Kwa ine, mlenje amene wakwawa n'kufika pa 120 ndi amene wadziwa ntchito, ngakhale telesikopu yake ikhale ya mtengo wotani.

9. Mphepo, kutentha ndi mapiri

Laser siona mphepo. Matelesikopu ena amakupatsani nambala kapena timizere tothandiza, koma mphamvu ya mphepoyo mumayerekeza ndinu. Mphepo yodutsa chopingasa pa makilomita 16 pa ola, imene imagwedeza nthambi zing'onozing'ono mosalekeza, imakankha chipolopolo cha .30-06 masentimita pafupifupi 20 pa mamita 300. Pa 150 imakankha 5 okha. Mphepo ikalimba, monga ya mu Ogasiti ndi Seputembala, yandikirani.

Chipata ili mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja, pomwe Mfuwe ili pansi pa 600, ndipo kuchigwako mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40. Anthu amadandaula nazo kwambiri izi, koma pansi pa mamita 300 kusiyana kwa mpweya kumangosuntha chipolopolo sentimita imodzi kapena awiri, ndipo Swarovski dS imayeza yokha kutentha ndi mphamvu ya mpweya. Choopsa kwenikweni ndi zipolopolo zosiyidwa padzuwa m'galimoto, chifukwa wonga wotentha umawonjezera liwiro ndi mphamvu m'mfuti. Chinanso ndi mpweya wotentha umene umanjenjemera pamwamba pa nthaka masana n'kusuntha chithunzi cha nyama. Mukauona, chepetsani kukuza kwa telesikopu, ndipo musaombe patali.

Pamalo otsetsereka, kaya mukuomba chokwera kaya chotsika, chipolopolo chimagwera pamwamba kuposa pamalo athyathyathya. Pa madigiri 30, mamita 300 amakhala ngati 260. Eliminator III ndi dS zimakonza zokha zimenezi, ndiye inu musachotserenso. Ngati yanu imangosonyeza mtunda, werengani buku lake mudziwe ngati nambalayo ndi yokonzedwa kale.

10. Paulendo ndi pobwerera

Msewu wa Chipata kupita ku Mfuwe ndi watala, koma mukapatuka kulowa m'tinjira ta mu GMA mfuti imagwedezeka kwa maola. Ikhale m'chikwama chake chofewa m'kati, osati pansi m'bodi. Mukafika pamsasa pemphani sikauti akusonyezeni malo, muombe kamodzi kapena kawiri pa 100 musanayambe kusaka.

Batire muike latsopano tsiku lonyamuka, lina likhale m'thumba la malaya. Eliminator IV imadya mabatire a AA opezeka paliponse, koma dS ndi Eliminator III zimafuna CR123, amene si shopu iliyonse ili nawo, ndipo kuchigwa musayembekezere kuwapeza. Fumbi la pagalasi muliuzire kaye lichoke musanapukute ndi kansalu kofewa. Kupukuta ndi malaya fumbi lili pomwepo kumakanda galasi, ndipo kagalasi ka laser kakada mtunda woyeza umachepa.

Nyama ikaima chopingasa, kadontho kakwere motsata mwendo wakutsogolo mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera pansi. Ikasuntha mamita angapo musanaombe, yezaninso, chifukwa kadontho kamene kakuyakako n'ka mtunda wakale. Mukaomba, lowetsani chipolopolo china nthawi yomweyo diso lili pa nyama. Ikathawa, musanachoke pamene mwaima yezani mtengo kapena chulu cha pamene inali, mumange kansalu pamalo anu, kuti mukafika uko muthe kuyeza chobwerera n'kupeza pamene magazi ayambira. Nyama yoopsa monga njati ikalasidwa n'kusowa, nenani kwa agemu mwamsanga, chifukwa anthu a m'midzi yoyandikana ndi amene akumane nayo.

Nyengo ikatsekedwa ndipo mvula yayamba, chotsani batire m'telesikopu musanaike mfuti m'sefa. Batire losiyidwa m'chinyezi miyezi ingapo limatha kutuluka madzi n'kudya timawaya ta m'kati, ndipo telesikopu yotere kuti ikonzedwe imayenera kutumizidwa kwa amene anaipanga.